Za Makina: Jenereta siimwa madzi

Magetsi a ku Cahora Bassa sanafikebe m'midzi yambiri ya ku Angónia, choncho oonetsa kanema ndi ometa tsitsi amadalira jenereta ya dizilo. Koma majenereta ambiri akufa msanga, ndipo mlandu uli m'chigubu.

Dizilo wogula m'mphepete mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi ndi fumbi. Madziwo amadyetsa dzimbiri pampu, ndipo kukonzetsa kwake kumatha phindu la miyezi. Wochenjera amachisiya chigubucho usiku wonse, poti madzi amalemera kuposa dizilo ndipo amatsikira pansi. M'mawa amathira mosefa, zapansizo nkuzisiya.

Thanki nayo isamaume. Mpweya ukalowa m'mapaipi, injini siilira mpaka autulutse. Ena sadziwa, amangokoka chingwe mpaka phewa kuwawa.