Ku Dzaleka luso lidasanduka khasu

Makolo ambiri m'tauni amakwinya nkhope mwana akati akufuna kudzakhala woyimba kapena mlakatuli. Koma kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, komwe kuli anthu othawa kwawo oposa 50,000, funso ndi lina: kupatula luso, ntchito ina ili kuti?

Malamulo a dziko lino salola othawa kwawo kulembedwa ntchito momasuka, ndipo mu 2023 boma lidabwezera kumsasawu omwe ankachita malonda m'matauni. Malo olima ndi osowa. Chotsala ndi mawu, manja ndi ng'oma, zomwe sizifuna chilolezo.

M'moyo wotere ndi momwe mlakatuli wochokera ku DRC, Menes La Plume, adayambitsira chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Alendo akabwera amagula zakudya ndi ntchito zamanja, ena n'kulipira malo ogona m'nyumba za mabanja amumsasamo. Kuposa ndalamazo, wachinyamata akakwera pansanja amaitanidwa ndi dzina lake, osati "wothawa kwawo".

Komabe phindu la masiku ochepa pachaka silingadyetse banja. Aphungu akapanda kusintha lamulo la othawa kwawo la 1989, tizingowaombera m'manja alusowa iwo akugona ndi njala.