PENTI SI MANKHWALA A BOTI

Anzanga a pa dooko, kuyambira kuno kwa Tengani mpaka inu a ku Mangochi, Senga Bay ndi Nkhotakota, werengani mpaka kumapeto musanatumize kwa ena.

Sabata yatha ndinaona boti la faiba likuwala ngati mkwatibwi. Buluu pansi, woyera pamwamba, dzina latsopano m'mbali. Koma botilo ndimalidziwa. Chaka chatha linali chafufumimba pamchenga, pansi pake patang'ambika kutalika ngati mkono wangawu. Mwini wake sindimutchula, akudzidziwa. Anamata mng'aluwo ndi bodi fila wa galimoto, n'kupaka penti wa nyumba, basi. Lero akuwolotsa amayi ndi ana kupita ku madimba a tsidya la Mozambique, pa Shire wa ng'ona ndi mvuu. Nditamufunsa akuti, "Aise, sukuona kuti likuyenda?" Likuyendadi, koma kamnyamata kake kakukapa madzi ndi chigubu chodula ulendo wonse.

Ine ndikuti kumeneku n'kutchova juga ndi miyoyo ya anthu. Penti samanga chilichonse. Amangobisa chilonda, ndipo wokwera akaona kuwala amaganiza kuti boti ndi lamphamvu.

Bambo anga anakalambira pa makakana ndi milamba, poyamba m'mwadiya, kenako m'boti la faiba. Iwo ankati boti limayankhula, bola uligogode. Tengani chigwiriro cha sikuludiraiva, gogodani paliponse. Pabwino pamalira kuti "ngwe ngwe". Povunda pamati "phu phu", ndiye kuti faiba yalekana mkati. Mukaona matuza pansi pa boti, boolani limodzi mutatchinga maso: mutuluka madzi onunkha ngati viniga. Yang'ananinso kumbuyo komangirira injini. Maboti ambiri amakhala ndi thabwa mkati mwa faiba pamenepo, ndipo likawola injini ikhoza kuthyoka nalo pakati pa mtsinje.

Kukonza kwenikweni kuli chonchi. Litulutseni m'madzi, palani povunda ponse mpaka mupeze faiba yolimba, tsukani ndi madzi oyera, liume masabata angapo. Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa ndi laulere, tiligwiritse ntchito. M'mphepete mwa chilonda palani mopendekera, m'lifupi kuwirikiza ka 12 kukhuthala kwa khoma la botilo, kuti chigamba chipeze pogwira. Kenako yalani nsalu ya faiba, ina pamwamba pa inzake, iliyonse ikhute rezini, mukufinya mpweya wonse. Hadena ndi pakati pa mamililita 10 ndi 20 pa lita imodzi ya rezini wamba. Sakanizani pang'onopang'ono, mamawa, pamthunzi, chifukwa kutentha kwa kuno rezini amakuumirani m'chitini musanamalize. Amene ali ndi ndalama agule epoxy, amagwira bwino kwambiri pa faiba yakale, koma ameneyo ali ndi muyeso wakewake, tsatani zolembedwa pachitini. Popala valani chotchinga mphuno ndi malaya amikono, fumbi lake limayabwa ndipo si labwino m'mapapo. Chigamba chikauma, sandipepa, andakoti, ndiye penti wa m'madzi pomaliza. Penti ndi womaliza, osati woyamba.

Bodi fila amamwa madzi. Phula ndi zigubu zosungunula zimakufikitsa kumtunda lero, mawa zamatuka. Penti wa nyumba amasupuka. Tonse timadziwa, timangotsinzina dala.

Ndikudziwa zomwe muyankhe. Rezini ndi wodula, mpaka ukamusake ku Blantyre. Boti likakhala pamtunda mwezi, ana adya chiyani? Zoona zimenezo, sindikukana, nanenso ndagonapo ndi njala chifukwa boti linali pamtunda. Koma ndalama ya penti, ya dzina lokongola ndi ya sipika unaipeza kuti? Tikasonkha anthu asanu, mmodzi n'kukwera basi kukagula za tonse, mtengo umapepuka. Tikamakonza mosinthana, la wina lili pamtunda la wina lili pamadzi, palibe agone ndi njala. Ndipo tileke kulikwekwesa pamchenga tsiku ndi tsiku, pansi pake pamatha. Tiziyala mitengo kapena matayala akutha.

Amene akuti tingobwerera ku mwadiya andiuze mtengo waukulu wosema bwato watsala kuti. Faiba yosamalidwa imakhala zaka makumi, mpaka mwana n'kulandira kwa bambo ake.

Komanso ife a ku Nsanje boti si la nsomba zokha. Januwale 2015 mukuikumbukira. Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu Malichi 2023. Anthu anatsitsidwa m'mitengo ndi pamadenga ndi maboti. Tsiku limenelo boti limanyamula kuposa muyeso, madzi akuthamanga ndi zitsa. Bodi fila wako uja adzapirira?

Ndiye inu okwera, musamachite manyazi. Musanaponde, yang'anani pansi, gogodani, funsani kuti linamatidwa ndi chiyani. Akakwiya, dikirani lina. Inu eni maboti, mvula isanayambe litembenuzeni mulione bwinobwino. Amene akufuna ndimuonetse kuyala faiba andipeze pa dooko mamawa, sindilipiritsa, angobwera ndi sandipepa wake.

Tumizani kwa aliyense amene ali ndi boti, makamaka uja wagula penti kale.