ZA ULIMI: Manyowa a Mbande Akhale Oola

Mwezi uno alimi ambiri a m'boma la Chongwe, kuyambira ku Kanakantapa kufikira ku Chalimbana, ali kuzula mbande za malalanje ndi misangu pa nazale ndi kuziokera m'timatumba. Tsoka lake, mbande zambiri zimafera pomwepa.

Cimene cizipha kawirikawiri ndi zitosi za nkhuku zaziwisi, zimene ena amatapa m'khola lero ndi kuthira m'timatumba mawa. Zitosi zotere zimaocha timizu tanthete, ndipo mbande imafota monga yathiridwa madzi otentha. Manyowa oyenera ndiwo amene aola miyezi 3 kapena kuposapo: akuda, ozizira m'manja, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Sakanizani ndowa 2 za dothi lapamwamba, ndowa 1 ya manyowa ndi ndowa 1 ya mcenga wa kumtsinje. Nyowetsani pang'ono, mufumbate. Likaumbika, koma ndi kumwazika mukalikhudza ndi cala, dothilo lakhala bwino. La paculu lokha musayese, pakuti likauma limalimba gwa ngati njerwa.

Ofuna kuona kapangidwe ka kompositi apite ku Kasisi, kumene aJesuit anayamba kuphunzitsa alimi m'caka ca 1974.