PAKHONDE LA MSIKA: Samalani, dashibodi nayo imanama

Abale anzanga a mumsika, sabata ino ndalemba mtima ukuwawa. Azakhali anga, omwe amagulitsa tomato mu Limbe, atha milungu itatu osaoneka pa benchi pawo. Sikuti akudwala ayi. Mpamba ndiwo wagona.

Nkhani yake ili chonchi. Azakhaliwo ndi anzawo awiri anatopa n'kulipira hayala nthawi zonse akamapita kokapikula ku Lizulu. Anasonkha za ku banki m'khonde, wina mpaka kugulitsa kapuloti kake, n'kugula pikiapu ya dizilo yoyendapo kale. Galimoto yowala bwino, ndipo manambala a pa dashibodi amati yangoyenda makilomita 98,000 basi. Wogulitsayo, mkulu wa tayi ndi mafoni awiri, anachita kulumbira: "Mayi, iyi ndi yanyuwani, bwana wake ankangopitira kutchalitchi."

Miyezi inayi isanathe, akuchokera ku Lizulu madengu ali thoo kumbuyo, atangodutsa pa Chingeni injini inangoti kho! n'kuzima. Palibe kanyali ndi kamodzi komwe kanayaka kuwachenjeza. Anagona pamsewu masiku awiri. Za tomato woti wakhala padzuwa masiku awiri sindingakuuzeni, eni ake ndinu.

Makaniko atatsegula anapeza kuti lamba wa taimingi waduka, mavavu apindika. Koma chomwe chinandilembetsa nkhaniyi ndi chomwe anapeza atamasula dashibodi. Kuseri kwake kunali manambala a penti wachikasu, aja amalemba ogulitsa masipeya a galimoto zophwasula. Dashibodiyo sinali ya galimotoyo! Pa chitsulo cha chitseko anakanda kapepala ka sevisi komwe anakapaka penti, ndipo kamati galimotoyo inali itadutsa kale makilomita 240,000. Kanyali ka injini nako anali atakamata ndi tepi yakuda.

"Iwe mwana wa achimwene, paja umalemba nyuzi," anatero azakhali. "Kodi galimoto imanama?"

Imanama, azakhali. Kapena tinene kuti anthu amaiphunzitsa kunama. Ndiye tiyeni timvetsetsane, chifukwa ambiri a inu mukulota pikiapu yanuyanu.

Pikiapu zakale zija zinalibe chinsinsi. Kachingwe kachitsulo kamachokera ku giyabokosi n'kumazunguza muvi wa sipidi ndi manambala a makilomita. Akamberembere amangomasula n'kubweza manambalawo ndi sikuludiraiva, koma ukayang'anitsitsa umaona kuti manambala akhala mokhota.

Za masiku ano ndi zina. Mkati mwake muli timabokosi ta kompyuta tingapo. Kena kamayang'anira injini, komwe amakaniko amati ECU kapena kungoti "bokosi". Kena n'ka mabuleki a ABS, kena ka ma airbag, kena ka magetsi, zitseko ndi mawindo. Dashibodi nayo ndi kakompyuta pakokha. Timabokosi tonseti timalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana, njira yotchedwa CAN yomwe kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa mu 1986. Kunsi kwa chiwongolero kuli kasoketi ka mabowo 16, kotchedwa OBD, komwe ku America anakalamula kuti kazikhala pa galimoto zonse zing'onozing'ono kuyambira mu 1996. Pamenepo ndi pomwe makaniko amalumikiza makina ake aja mumati "kuyika pa kompyuta".

Tsono pa galimoto zambiri, nambala ya makilomita imasungidwa m'kachipu kakang'ono ngati njere ya mpunga mkati mwa dashibodi momwemo. Mukachotsa dashibodi n'kuikapo ya galimoto ina, imabwera ndi makilomita a kwawo. Ndipo munthu wa laputopu ndi kawaya kake akhoza kulemba nambala iliyonse yomwe akufuna, tiyi wanu asanazizire. Manambala ake amaoneka oongoka bwinobwino, ngati malonjezo a pa kampeni.

Mwina wina akuti, "Nanga nambala chabe ikuvuta pati, bola galimoto ikuyenda?" Aaa, achimwene, nambala imeneyo ndi kalendala ya galimoto. Tengani chitsanzo cha Toyota Hilux za dizilo zija za D-4D. Pa dashibodi pake pali kanyali kolembedwa T-BELT, komwe kamayaka galimoto ikakwanitsa makilomita 150,000 kukukumbutsani kuti sinthani lamba wa taimingi. Kanyali kameneka sikaona lambayo ayi, kamangowerenga manambala a pa dashibodi. Mukabweza manambala, mwabwezanso chenjezo. Lamba akutha, dashibodi ili phee. Tsiku loduka, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo ndalama yokonzera imaposa kutalitali ya lamba watsopano. Si lamba yekha: kilatchi, mabeyaring'i ndi manozo, zonse zimayendera makilomita.

Komatu tisaponyere amakaniko onse m'dengu limodzi. Kusintha dashibodi kapena kuipulogalama si umbava pakokha. Pali zifukwa zabwino. Dashibodi imapsa, makamaka wina akalumikiza batire mopotoza pojampa, kapena akamawotcherera makako a katundu batire lili chilumikizire. Ina imafa ndi madzi, anyamata otsuka galimoto akalowetsa paipi mkati. Galimoto zochokera ku Britain zimawerenga mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi kilomita imodzi ndi theka n'kakanthu, 1.6. Muvi ukaloza pa 50 ndiye kuti mukuthamanga 80, apolisi a kamera akukudikirani kutsogolo. Timalole takale ta ku Japan timabwera ndi wailesi yoyambira pa 76 n'kuthera pa 90, pomwe mawailesi athu ambiri a FM ali kumtunda kwa pamenepo mpaka 108, ndiye pamafunika kakipangizo kowonjezera kapena wailesi ina. Ena amangofuna kuikamo dashibodi ya galimoto yapamwamba, ya sikirini ndi mabatani pa chiwongolero. Zonsezi ndi ntchito zoona, ndipo alipo anyamata aluso m'magalaja athu omwe amazigwira bwino.

Vuto ndi loti dashibodi si chitenje choti aliyense angavale. Pikiapu za dzina limodzi zimasiyana mkati. Hilux ina inapangidwa ku Durban, ina ku Thailand. Ford Ranger ya ku Pretoria ya chaka china si yofanana ndi ya chaka chotsatira. Ya dizilo ndi ya petulo n'zosiyana, ya manyuwo ndi ya otomatiki n'zosiyana, ya 4x4 ndi wamba n'zosiyananso. Soketi ikhoza kulowa bwinobwino, nyali n'kuyaka, koma muvi wa mafuta n'kumati thanki ili theka pomwe mwatsala ndi dontho. Choopsa kwambiri ndi muvi wa kutentha kwa injini: ukamanama, mudzadziwa ndi utsi.

Palinso nkhani ya kiyi. Makiyi a masiku ano ali ndi kachipu m'mutu mwake, ndipo galimoto imayamba yafunsa kaye kuti "kodi ndiwe wanga?" isanalole injini kulira. M'magalimoto ena, mlonda ameneyu amakhala mu dashibodi momwemo, mwa ena amakhala m'kabokosi kena kogwirizana ndi ka injini. Mukasintha chimodzi osachidziwitsa kwa zinzake, sitata izingolira koma injini osadzuka. Kupulogalama kwenikweni ndi kumeneko: kuuza kabokosi katsopano kuti galimoto yake ndi iti, ili ndi zipangizo zanji, ndipo makiyi ake ndi ati.

Ndiye ngati pikiapu yanu ikufunikadi ntchito imeneyi, gwirani izi. Choyamba, jambulani manambala a makilomita ndi foni yanu asanamasule kanthu, ndipo muwalembe m'kope la geni pamodzi ndi tsiku. Chachiwiri, nambala ya sipeya yomwe ili pa kapepala kuseri kwa dashibodi yakale ifanane ndi ya yomwe mukugula. Musamvere zoti "ndi zimodzimodzi izi, bwana". Chachitatu, funsani makaniko ngati wasunga kaye zomwe zili m'kabokosi kakale asanalembemo zatsopano. Wodziwa ntchito sakwiya ndi funso limeneli. Chachinayi, batire likhale lamphamvu. Moto ukathera pakati pa kupulogalama, kabokosi kamatha kufa osadzukanso, n'kusanduka mwala wotsekera chitseko. Chachisanu, dashibodi yakaleyo ndi yanu, itengeni. Ndipo muuzeni alembe makilomita enieni a galimoto yanu, osati okometsera malonda.

Nanga ngati mukugula kumene? Pali mayeso aulere omwe ngakhale agogo angachite. Tembenuzani kiyi mpaka nyali za pa dashibodi ziyake, koma musalize injini. Ziyenera kuyaka zonse: ya oyilo, ya batire, ya injini, ndiponso ya ABS ndi ya airbag ngati galimotoyo ili nazo. Yomwe siikuyaka, dziwani kuti babu lake linapsa, linachotsedwa kapena linamatidwa. Dikirani pang'ono. Ya airbag ndi ya ABS zimazima zokha pakapita timasekondi tochepa, pomwe ya oyilo imadikira injini ilire. Zikamazima zonse nthawi imodzi ngati asilikali pa perete, kayikirani, chifukwa alipo ochenjera omwe amalumikiza nyali yodandaula ku waya wa nyali ya oyilo kuti zizizimira limodzi.

Kenako siyani dashibodi, funsani mboni zina. Labala wa pa buleki ndi kilatchi watha bwanji? Chiwongolero chasalala ngati mthiko wakale? Mpando wa dalaivala wafwifwa? Galimoto ya makilomita 90,000 siikhala ndi mpando wobooka. Yang'anani timapepala ta sevisi pa chitseko, pa galasi ndi pa chivindikiro cha lamba. Onani tizomangira ta dashibodi ngati tili ndi zipsera za sikuludiraiva. Ngati ndi ya ku Japan, pemphani chikalata chomwe inatulukira m'dzikomo, chifukwa kawirikawiri pamalembedwa makilomita omwe inali nawo poyezedwa komweko. Nambala ya tchesisi ya pa chitsulo ifanane ndi ya mu bulubuku.

Pomaliza, pitani nayo kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, akaiike pa kompyuta. Galimoto zina zimasunga makilomita m'timabokosi tina kuwonjezera pa dashibodi, ndipo wakuba waulesi amaiwala kusintha konse. Makinawo amathanso kuonetsa ngati wina wangofufuta kumene madandaulo a injini. Paja kufufuta si kukonza. Zili ngati kung'amba tsamba la ngongole m'kope: ngongoleyo ikadalipo, ndipo kanyali kadzayakanso mutalipira kale. Wogulitsa akakana zopita pa kompyuta, kapena akayamba zija zoti "pali wina akubwera ndi kashi masana ano", tsanzikani mwaulemu. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Ndipo inu anzanga a malaputopu, ndikudziwa kuti enanu mumawerenga tsamba lino. Luso muli nalo, ndipo dziko likulifuna. Koma mukamadula makilomita 140,000 pa galimoto kuti dobadoba apeze yake, dziwani kuti kumapeto kwa waya wanuyo kuli mayi wina yemwe wakongola ku banki m'khonde, ndipo anzake akudikira ndalama yawo Lachisanu. Mwina ndi yemweyo amakupatsani pulaizi mukamagula tomato.

Azakhali ndi anzawo aja pano abwerera pa hayala, kwinaku akusonkhanso za injini. Wa tayi uja mafoni ake onse awiri sakupezeka. Dzulo ndinawapeza akusankha tomato wa mnzawo pa ganyu, ndipo anandiuza kuti, "Ukalembe, ena asagwe m'mbuna yomweyi." Ndalemba, azakhali.

Sikelo ya mumsika ikamanama timathamangitsa mwini wake. Dashibodi nayo ndi sikelo. Muziyamba mwaiyesa kaye musanatulutse mpamba wanu pa mpango.

Tikumanenso pakhonde pano sabata ya mawa, Chauta akalola.