Anakana Nyambo, Ndiye Akhale Zitsiru?

Pali kamtima kena kamene kamandinyansa pakati pa anthu okonda zaluso. Munthu akakana ndalama zambiri pofuna kuteteza ntchito ya manja ake, timathamangira kumutcha chitsiru kapena wodzikuza. Ndamvapo mawu oterewa akunenedwa za gulu loimba la Fugazi la ku Washington DC, m'dziko la America, ndipo ine ndikuti oyankhula choterowo ndiwo sanaganize mofatsa.

Nkhani ya gululi inayamba lisanabadwe n'komwe. M'chaka cha 1980, anyamata awiri, Ian MacKaye ndi Jeff Nelson, anali m'kagulu kotchedwa Teen Idles, koimba nyimbo zaphokoso ndi zaukali zotchedwa punk. Kaguluko katatha, m'thumba mwake munatsala madola 600. Anyamatawo sanagawane ndalamazo. Anatulutsira kachimbale ka nyimbo zawo, makope 1,000, ndipo zikuto zake ankadula, kupinda ndi kumata okha ndi manja. Umu ndi momwe kampani ya Dischord Records inayambira, popanda bwana, popanda ngongole, popanda wowauza kuti nyimbo iyi njabwino, iyi ayi.

MacKaye ataimba m'gulu la Minor Threat mpaka 1983, anayambitsa Fugazi mu 1987 pamodzi ndi Joe Lally ndi Brendan Canty, ndipo posakhalitsa Guy Picciotto anawapeza. Anthu anayiwa anadziikira malamulo amene amalonda a nyimbo ankawaona ngati misala. Kawirikawiri polowa kumalo komwe ankaimba munthu ankalipira madola 5 okha. Sankavomera kuimba pamalo oletsa achinyamata kulowa chifukwa cha msinkhu. Sankagulitsa malaya, zipewa kapena zikwangwani zolembedwa dzina lawo. Analibe manijala. MacKaye yekha ndiye ankaimba lamya kukonza maulendo, ndipo iwo eni ankayendetsa galimoto ndi kunyamula zipangizo zawo. Wina akayamba kuvulaza anzake povina, ankaimitsa nyimbo, kumudzudzula poyera, ndipo akapanda kumva ankamubwezera madola ake 5 n'kumusonyeza khomo.

Otsutsa amati: zonsezi n'zosangalatsa kumva, koma anthuwa anataya mwayi. N'zoona kuti mwayiwo unabwera. Gulu la Nirvana litagulitsa zedi chimbale cha Nevermind mu 1991, makampani akuluakulu anatuluka ngati alenje kusaka magulu osatchuka a nyimbo zamtunduwu. Fugazi nayo anaifikira, kuphatikizapo kampani ya Atlantic, koma inakana. Kodi inataya chiyani? Tiyeni tione chimene woimba ankasaina m'masiku amenewo. Ndalama zomwe kampani imapereka poyamba si mphatso ayi. Zimadulidwa pa phindu la woimba pamodzi ndi zolipirira situdiyo ndi zina, ndipo nthawi zambiri nyimbo zojambulidwazo zimakhala za kampani. Chimbale chikapanda kuyenda malonda, woimba amatayidwa, nyimbo zake n'kutsala m'manja mwa ena. Akuluakulu anati khasu lobwereka silikhalira kuguluka. Ku Dischord kunalibe zikalata zamapangano, ndipo phindu ankagawana pakati ndi pakati, kampani ndi gulu.

Ena amati munthu wodzichitira yekha zinthu amangothera pakhomo pake. Apanso mbiri ikuwatsutsa. Pakati pa 1987 ndi 2002, Fugazi inaimba maulendo oposa 1,000, m'zigawo zonse 50 za America, ku Ulaya, ku Japan, ku Australia ndi ku South America. Chimbale chawo cha 1993, In on the Kill Taker, chinalowa pamndandanda wa Billboard wa zimbale 200 zogulidwa kwambiri, popanda thandizo la kampani yaikulu. Mtengo wotsika uja sunali chifundo chabe, unalinso nzeru: holo inkadzaza, ndipo popeza panalibe mkhalapakati wodyapo, zotsalazo zinkakwanira oimba. Kwawo ku Washington ankaimba mwaulere kapena posonkhetsa ndalama zothandizira zipatala za osauka ndi anthu osowa pokhala. Mu Januwale 1991 anaimba panja, m'chisanu, moyang'anizana ndi White House, potsutsa nkhondo ya ku Gulf imene inali pafupi kuyamba. Kodi bwana wa kampani amene waika mamiliyoni ake pa iwe angakondwere nazo zoterezi?

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti njirayi njofewa. Fugazi inakulira m'dziko lolemera, la misewu yabwino ndi achinyamata okhala ndi kangachepe m'thumba. Ntchitoyo inalinso yolemetsa, ndipo ena mwa iwo atakhala ndi mabanja ndi ana, maulendo ataliatali aja anavuta. Atatulutsa chimbale cha The Argument mu 2001, anaimba komaliza ku London mu Novembala 2002, ndipo mu 2003 anapumira. Sindinenanso kuti woimba aliyense amene anasaina ndi kampani yaikulu ndi wogulitsa mzimu wake, pakuti njala siidziwa mfundo. Chimene ndikukana ndi bodza loti njira ilipo imodzi yokha, yodikira kuti wamkulu wina akuone, akutole, akuuze mtengo wako.

Taonani zomwe zinatsala m'manja mwawo. Popeza nyimbo zonse zinali zawo, kuyambira mu 2011 anayamba kuika pa intaneti zojambula za maimbidwe awo oposa 800, zimene ankasunga chaka ndi chaka, ndipo sanafunike kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ndi oimba angati a nthawi imeneyo amene angachite chimodzimodzi ndi ntchito ya thukuta lawo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Choncho, inu amene mumaseka anthu anayiwa, musanaseke muyambe mwawerengera bwino. Muwerenge zaka 15 zoimba zimene akufuna, kwa amene akufuna, pamtengo woika okha. Muwerenge mnyamata wa zaka 14 amene analowa m'holo ndi madola 5, n'kutuluka akudziwa kuti naye angathe kuyambitsa gulu ndi anzake mawa lomwe. Mukatha kuwerengako, mundiuze kampani imene ikanatha kulipira zimenezi.