Thupi likatentha, pa golosale si pothawira

Mnyamata amene wasenza chikwama cha mlendo kuchoka pa Likhubula mpaka ku Chambe, n'kutsikanso, madzulo ake thupi lonse limaphwanya. Palibe angamuuze kuti akwere kabaza kupita kuchipatala kuboma chifukwa cha zimenezo. Asambe madzi ofunda, adye nsima, amwe Panado awiri, agone. Mawa adzuka bwinobwino.

Kudzisamalira pakhomo n'kumeneko, ndipo ife tikuti n'kwabwino. Chimfine chimatha chokha pakangopita sabata kapena kuposerapo pang'ono. Chofunika ndi kupuma ndi kumwa madzi ambiri. Tiyi wa mandimu ndi jinja amafewetsa kukhosi, basi, musamupatse udindo woposa pamenepo. Mukatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, muzimwa pang'onopang'ono. Mwana woyamwa asasiye bere.

Panado nayenso ali ndi malire. Munthu wamkulu asapyole mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, chifukwa akachuluka amaononga chiwindi, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol yemweyo mkati. Brufen ndi Indocid, omwe anyamata ogwira ntchito zolemetsa amawameza ngati mtedza, amayambitsa zilonda za m'mimba, makamaka ukamwa usanadye.

Koma chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi makapisozi. Munthu akangotsokomola, wathamangira pa golosale: "Mundipatseko amoxicillin awiri, Bactrim awiri." Awiri! Chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo mankhwala amenewa vairasi samugwira n'komwe. Amene akupindula ndi mabakiteriya a m'thupi mwanu, omwe akuphunzira kupirira mankhwalawo. Tsiku lomwe chibayo chenicheni chidzakugwireni, kapisozi yemweyo adzangodutsa ngati madzi.

Ku Malawi kuno tidazionapo kale zotere. Mu 1993 dziko lino lidasiya chloroquine chifukwa tizirombo ta malungo tidasiya kumumva. Fansidar adalowa m'malo, naye mphamvu zidatha, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Ambiri amene mukuwerenga izi pa foni mwakula ndi LA yekhayekha. Amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Amene amamwa masiku awiri, n'kusungira mlongo wake otsalawo poti "ndapezako bwino", sadachire bwinobwino ndiponso akuthandiza kufoola mankhwala omwe tonse tikudalira.

N'chifukwa chake tikuti kutentha thupi kusamawerengedwe m'gulu la timatenda ting'onoting'ono kufikira magazi atayezedwa. Panado amaziziritsa thupi, koma kachirombo ka malungo kamapitirira kuswana m'magazi. Kuyezetsa m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Kwa mwana wosakwana zaka 5 ndi mayi woyembekezera, kudikira kuti "tione mawa" ndi juga. Mwana akamabanika, akakomoka, akakana kuyamwa kapena akamasanza chilichonse, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chimodzimodzi chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga: kolera wa mu 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700, ndipo matendawa amatha munthu m'maola ochepa. Thanzi muzimwera panjira.

Achinyamata, m'nyumba zambiri ndinu amene muli ndi foni, choncho agogo akadwala amafunsa inu. Musawawerengere uthenga wa pa WhatsApp woti adyo ndi mandimu amachiza chilichonse. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira za mankhwala, nalo lifike m'magolosale a m'midzi ngati ya kuphiri kuno, osangothera m'mafamase a m'tauni.

Nanga mnyamata wathu wa pa Likhubula uja? Akadzuka akunjenjemera, mutu ukuwawa, thupi lili moto, anzake asamuuze kuti ndi kutopa kwa dzulo. Apa ndiye kabaza uja amuyitanire.