Doctor Who anapulumuka cifukwa ena sanamvere lamulo

Mu October 2013, bungwe la BBC linalengeza kuti zigawo 9 za sewero la Doctor Who, zimene zinasowa kwa zaka zoposa 40, zapezeka. Sanazipeze ku London kumene zinapangidwa. Anazipeza mumzinda wa Jos ku Nigeria, m'kacipinda ka pa siteshoni ya TV, zili khale m'zitini za mafilimu. Amene anazifukula ndi Philip Morris, mwamuna wa ku Britain amene amayenda m'maiko kufunafuna mafilimu akale. Zigawo 5 zinali za nkhani yochedwa The Enemy of the World, ndipo 4 zinali za The Web of Fear.

Zitheka bwanji kuti mwini cinthu akhale manja lende pamene mlendo ali naco? Yankho lake n'losabvuta: BBC yomweyo ndiyo inaononga zake. Ndipo ine ndikuti anthu amene anacita zimenezi sanali zitsiru kapena oipa mtima. Anali anthu anzeru, okhala ndi zifukwa zomveka. Apa m'pamene nkhaniyi imandiopsa.

Kwa amene simulidziwa, Doctor Who ndi sewero la munthu wocokera ku dziko lina lakumwamba, amene amayenda m'nthawi, kupita kumbuyo kapena kutsogolo, m'combo cooneka ngati kabokosi ka foni ka apolisi. Linayamba pa 23 November 1963, tsiku lotsatira kuphedwa kwa pulezidenti Kennedy wa ku America. Amene analikankha kuti liyambe ndi Sydney Newman wa ku Canada, mkulu wa masewero pa BBC. Udindo woliyendetsa anaupereka kwa Verity Lambert, mtsikana wa zaka 27, pa nthawi imene kunalibe mkazi wina wa udindo wotero m'cigawo ca masewero. Wotsogolera kujambula nkhani yoyamba anali Waris Hussein, mnyamata wobadwira ku India. Ambiri analiona ngati kasewero ka ana, kongotsekera mpata Loweruka madzulo.

M'zaka 6 zoyambirira anapanga zigawo 253, zonse zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera cabe. Anali kujambulira pa matepi aakulu, odula kwambiri. Cigawo cikaonetsedwa, tepi inali kudikira pang'ono, kenako anali kuifufuta n'kujambulirapo cina. Ku ofesi ya ndalama zimenezi zinali nzeru. Cinanso, pangano la BBC ndi Equity, bungwe loimira ocita masewero, linali kuika malire pa kubwereza sewero, kuopa kuti mamembala ake angasowe nchito ngati TV izingoonetsa zakale. Makaseti a vidiyo oonera kunyumba kunalibe. Pamene TV ya mitundu inafika, masewero akuda ndi oyera analeka kuyenda malonda. Ndiye usungirenji cinthu cimene sungacibwereze, sungacigulitse, koma cikudya malo? Kuyambira ca m'ma 1967 mpaka 1978, matepi anafufutidwa ndipo makope a mafilimu anatayidwa.

Cifukwa ciliconse pacokha cinali coona. Koma zitaphatikizana, BBC inacita zimene mlimi aliyense amaopa: inadya mbewu. Palibe tsiku limene akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti aphe mbiri yao. Kungoti panalibe munthu amene nchito yake inali kufunsa kuti, kodi ici tidzacifunanso? Munthu wotero anaikidwa mu 1978, mai Sue Malden, zambiri zitapita kale. Nkhani ya Marco Polo ya 1964, ya zigawo 7, palibe ngakhale cimodzi cotsala. Cigawo comaliza ca The Tenth Planet naconso cinasowa. M'cigawo cimeneco William Hartnell, amene thanzi lake linali litafooka, anasandulika n'kukhala Patrick Troughton. Nzeru imeneyi yosintha nkhope ya Doctor ndiyo yapangitsa kuti sewero lifike mpaka kwa Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda. Koma pa cigawo conseco pangotsala tizidutswa, ndipo kooneka bwino kanapulumuka cifukwa pulogalamu ya ana ya Blue Peter inakabwereka mu 1973.

Nanga zimene zilipo zinapulumuka bwanji? Zina zinapulumukira kwa eni ake ena. BBC inali kukopera masewero pa mafilimu n'kumagulitsa kunja: ku Australia, New Zealand, Hong Kong, Nigeria, ndiponso kuno ku Zambia, kumene Doctor Who anaonetsedwa m'zaka zoyambirira za ufulu wathu. Kope limodzi linali kuyenda dziko ndi dziko. Uyu akatsiriza kuonetsa, atumiza kwa mnzake. Womaliza anali kuuzidwa kuti alibweze ku London kapena aliononge. Amene anamvera anaononga. Amene anaiwala, kapena anacita ulesi, kapena anangoona kuti n'zacisoni kuocha filimu yabwinobwino, ndiwo tikuwathokoza lero.

Ndandanda yake imaseketsa. Mu 1983 zigawo ziwiri za The Daleks' Master Plan zinapezeka m'cipinda capansi pa chalichi cina ku London. The Tomb of the Cybermen yonse inabwera kucokera ku Hong Kong n'kutulutsidwa pa kaseti mu 1992. Cigawo cina ca The Crusade cinatulukira ku New Zealand mu 1999, kwa munthu wosonkhanitsa mafilimu. Ndipo mau a zigawo zonse, ngakhale zimene zithunzi zake zinasowa, alipo mpaka lero cifukwa ca acinyamata amene anali kujambula mau pa matepi ao kunyumba sewero likamaonetsedwa. Panthawiyo palibe anawapempha, ndipo lamulo silinali kumbali yao. Masiku ano BBC imatenga mau omwewo, n'kujambulitsa makatuni pamwamba pake, n'kugulitsa.

Makolo athu anali kuidziwa nzeru imeneyi. Munthu wa ng'ombe zambiri sanali kuziika zonse m'khola limodzi. Zina anali kuikiza kwa mlongo wake kumudzi wina, kuti matenda akagwa kuno, mtundu usathe. BBC inaikiza mosadziwa. Inali kufuna ndalama za malonda cabe, koma malondawo ndiwo anamwaza mbewu kumene dzanja lake silikanafika.

Wina anganene kuti, nanga n'ciani, si sewero la zidole cabe? Ndipo n'zoona kuti palibe nyumba imene ingasunge ciliconse. Koma taonani amene anali kuweruza kuti ici n'cacabe. Ndi bungwe lomwelo limene silinaone phindu la anthu ake. Nyimbo yotsegulira sewero inalembedwa ndi Ron Grainer, koma amene anaiumba kukhala mau odabwitsa aja, podula ndi kulumikiza tizidutswa twa tepi ndi manja, ndi Delia Derbyshire. Dzina lake silinalembedwe pa sewero mpaka 2013, iye atamwalira kale mu 2001. Zilombo zochedwa Daleks zinalemeretsa wolemba wake Terry Nation, pamene Raymond Cusick, amene anakonza maonekedwe ake, anangopatsidwa kangacepe cifukwa anali wa pa malipiro a mwezi. Diso la lero silitha kuyeza bwino zimene mawa adzazifuna. Sewero limene linaimitsidwa mu 1989 ngati lotopetsa linabweranso mu 2005 n'kukhala limodzi mwa zinthu zimene BBC imagulitsa kwambiri.

Conco ngati sitingasunge zonse, pali zinthu ziwiri zimene nkhaniyi ikutiuza. Coyamba, pakhale munthu wodziwika dzina amene nchito yake ndi kukana pamene ena akufuna kufufuta. Pamene aliyense aganiza kuti mnzake ndiye akusunga, palibe akusunga. Caciwiri, kope limodzi si kusunga. Cinthu cimene cili pamalo amodzi, kaya malowo ndi aakulu bwanji, cikudikira tsiku lake.

Tisaganize kuti intaneti inathetsa bvutoli. Sewero limene lili pa kampani imodzi yoonetsa mafilimu likhoza kucotsedwa usiku umodzi, pa zifukwa za ndalama zomveka bwino ngati zija za matepi, ndipo sipadzakhala citini coiwalika ku Jos. Wailesi ya m'dera lanu imene imajambula agogo akusimba mbiri ya mudzi, kenako n'kufufuta kuti kompyuta ipeze malo, ikucita zomwe inacita BBC. Cimodzimodzi inu amene mau a malemu amai anu ali mufoni imodzi yokha.

Pambuyo pa zimene zinapezeka ku Jos, zigawo 97 zinali zikali kusowa. Anthu akali kufufuza m'magalaja ndi m'masitolo a mawailesi akale, ndipo nthawi ikuwathera cifukwa filimu nayo imaola. Ngati muli ndi kaseti yakale m'sutukesi, kapena mumagwira nchito pamalo pamene pali shelefu ya matepi imene abwana akuti ikudya malo, musafulumire. Koperani, ndipo kope lina mukaikize kwa m'bale wanu wa kutali.